Kachitidwe ka Sevisi ya Galimoto Yaing'ono Pakhomo Kuno ku Mangochi

Pafupifupi aliyense amene wagula kumene Vitz, Passo, Fit, Mira kapena Sienta yoyendapo kale amabwera ndi funso limodzimodzi: kodi sevisi ndingathe kuchita ndekha pakhomo, kapena ndiyenera kumapita kugalaja nthawi zonse? Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, ena pafoni, ena tikakumana pa Boma, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti aliyense aziwerenga payekha. Ntchito zambiri mungathe kuzigwira nokha, bola mukhale ndi zida zochepa zoyenera komanso mtima wosapupuluma. Koma monga ndaonera ine, chimene chimapha injini zambiri kuno kunyanja ndi kuwira. Munthu akasintha oyilo ndi fyuluta amati sevisi yatha, pomwe madzi oziziritsa injini sanawayang'ane n'komwe, kenaka mwezi wa Okutobala galimoto ija imakaima pa chikweza cha ku Chowe nthunzi ili tolotolo. N'chifukwa chake gawo la madzi ndalitalikitsa kuposa ena onse.

1. Idziweni galimoto yanu musanagule chilichonse

Dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto silikwanira pogula masipeya, chifukwa Vitz ziwiri zooneka mofanana zingathe kukhala ndi injini zosiyana. Tsegulani boneti kapena chitseko cha kutsogolo, mupeze kachitsulo kapena kapepala komatidwa kamene pali nambala ya chasisi ndi mtundu wa injini. Zilembo zoyambirira ndizo zofunika kwambiri. KSP90 ndi Vitz ya injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu, SCP90 ndi Vitz ya 1300, NCP81 ndi Sienta ya injini ya 1NZ-FE ya 1500, pomwe GD1 ndi GE6 ndi mibadwo iwiri ya Honda Fit. Jambulani kachitsuloko ndi foni, ndipo muzionetsa chithunzicho kwa wogulitsa masipeya nthawi iliyonse.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, pakuti alipo ogulitsa ena amene amabweza nambala. Galimoto zochokera ku Japan nthawi zambiri zimakhala ndi timapepala tomatidwa pa chitseko kapena mkati mwa boneti tosonyeza tsiku ndi makilomita pamene oyilo anasinthidwa komaliza. Chaka chimalembedwa m'kawerengedwe ka kwawoko: chikayamba ndi H onjezerani 1988, kotero H25 ndi 2013, ndipo chikayamba ndi R onjezerani 2018. Ngakhale kapepalako kalipo, sevisi yoyamba muichite ngati kuti palibe chinasinthidwapo, chifukwa galimotoyo yakhalitsa pa doko, kenaka yayenda ulendo wautali kuchokera ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe ndi oyilo yemweyo.

Ngati yanu ndi hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua, mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe. Mumadutsa magetsi okwanira kupha munthu.

2. Konzani zida ndi zogula

Mufunika masoketi ndi masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, soketi yaitali ya mapulagi ya 16, wilo sipanala, chomasulira fyuluta ya oyilo, pulayasi, sikuludiraiva, beseni lakale, fanulo, tochi ndi nsanza zoyera. Koposa zonsezi mufunika zochirikizira ziwiri zachitsulo zimene amakaniko amati masitandi. Ngati mungabwereke sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imene amati torque wrench, ntchito yanu idzakhala yotsimikizika.

Oyilo mugule wa m'chigubu chomata, kwa wogulitsa wodziwika kapena pamalo omwetsera mafuta. Oyilo wopima m'mabotolo m'mbali mwa msewu simungadziwe chimene chasakanizidwamo. Injini zazing'onozi anazipangira oyilo wopyapyala, 0W-20 kapena 5W-30, ndipo kuno kotentha 5W-30 kapena 10W-30 amagwira bwino. Injini yayenda kwambiri ndipo yayamba kudya oyilo, 10W-40 angathandize. Ambiri amalangizidwa kuthira 20W-50 poganiza kuti oyilo wokhuthala ndiye wamphamvu, koma injini za VVT-i, monga 1KR-FE ndi 1NZ-FE, zili ndi timipata ting'onoting'ono mmene oyilo ayenera kudutsa mwachangu, ndipo wokhuthala amachedwa kufika kumtunda kwa injini mukangoliza m'mawa, pa nthawi imene zitsulo zimadyana kwambiri.

3. Sankhani malo, ndipo kwezani galimoto mosamala

Makomo ambiri kuno ndi amchenga, ndipo jeki ikaima pa mchenga imamira kapena kupendama. Pezani malo a simenti kapena dothi lolimba losapendekera. Ngati palibe, ikani thabwa lochindikala ndi lotambalala pansi pa jeki ndi pansi pa sitandi iliyonse. Kokani handibuleki, ikani giya pa P, ndipo tsekani matayala a kumbuyo ndi mitengo kapena miyala. Jeki muiike pamalo ake enieni, pa mzere wachitsulo wa m'munsi mwa chitseko pamene pali timipata tiwiri, kenaka tsitsirani galimoto pa masitandi ndi kuigwedeza ndi manja kuti muone ngati yakhazikika.

Musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeki yokha, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Njerwa ndi mabuloko a simenti si zochirikizira, chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa galimoto kuti likhale chitetezo chachiwiri, ndipo ana akhale patali. Ntchito muyambe m'mamawa dzuwa lisanakwere.

4. Sinthani oyilo ndi fyuluta yake

Lizani injini kwa mphindi 5 kuti oyilo afunde, kenaka zimitsani. Tsegulani chitsekero cha oyilo cha pamwamba, ikani beseni pansi pa sampu, ndiko kuti chibeseni chachitsulo cha pansi pa injini mmene oyilo amakhala, ndipo masulani bawuti lake. Pa Toyota ndi sipanala ya 14, pa Honda ya 17. Onetsetsani kuti bawuti limene mukumasula ndi la injini osati la giyabokosi, chifukwa ziwirizi zimayandikana, ndipo wolakwitsa pamenepa amakhuthula giyabokosi n'kuthira oyilo kawiri mu injini.

Oyilo akamatsika, muyang'aneni. Kuda kokha si vuto. Koma mukaona tizitsulo tonyezimira, kapena oyilo wasanduka woyererako wa thovu, imani kaye mukaonane ndi amakaniko, pakuti choyambacho chikusonyeza kuti mkati mukudyana ndipo chachiwiricho chikusonyeza kuti madzi alowa.

Akasiya kudontha, bwezerani bawuti ndi washala watsopano. Yambani kumanga ndi zala kuti mazinga agwirane bwino, kenaka malizani ndi sipanala mwa mphamvu ya dzanja limodzi, pakati pa 30 ndi 40 Nm ngati muli ndi choyezera. Osawonjezera paipi ku sipanala. Mazinga a sampu akaphwanyika, ntchito yaing'ono imasanduka yodula.

Masulani fyuluta yakale, ndipo onetsetsani kuti labala yake yozungulira yachoka nayo limodzi. Ikatsalira pa injini n'kumangapo fyuluta yatsopano, oyilo yense amatayika mumsewu. Pakani oyilo pang'ono pa labala ya fyuluta yatsopano, imangeni ndi dzanja mpaka ikhudze, kenaka muipotoze pang'ono kuposa theka la kuzungulira kamodzi. Injini zina za 1KR-FE zili ndi fyuluta ya pepala yolowa m'kachikho komasula; pamenepo mumasintha pepalalo ndi labala yozungulira imene imabwera m'bokosi lomwelo.

Injini ya 1KR-FE imalowa oyilo pafupifupi malita 3, 1NZ-FE malita 3.7, ndipo ya Mira sifika malita 3. Thirani ocheperako, lizani injini mpaka nyali ya oyilo izime, zimitsani, dikirani mphindi 5, kenaka yezani ndi kachitsulo koyezera galimoto ili pansi pamalo osapendekera. Oyilo afike pafupi ndi kadontho ka pamwamba koma asapitirire. Chifukwa cha fumbi ndi kutentha kwa kuno, ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 5,000 alionse kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana.

5. Fyuluta ya mpweya ndi mapulagi

Fyuluta ya mpweya ili m'bokosi lakuda lotsekedwa ndi timakilipu. Ichotseni, muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Siyenera kuchapidwa ndi madzi kapena kupoperedwa ndi mpweya wamphamvu, chifukwa pepalalo limabooka timabowo tosaoneka ndi maso ndipo fumbi limalowa mu injini. Amene mumayenda msewu wa ku Makanjira kapena misewu ya fumbi ya kumidzi, muziyang'ana mwezi uliwonse. Pukutani mkati mwa bokosi musanaike yatsopano, ndipo onetsetsani kuti chivundikiro chakhala bwino mbali zonse.

Mapulagi amasulidwa injini itazizira kotheratu. Chotsani koyilo iliyonse, imene imakhala pamwamba pa pulagi, pomasula bawuti la 10, uzirani mchenga umene uli m'dzenjemo kuti usagwere mu silinda, kenaka masulani pulagi. Poika yatsopano, yambani kupotoza ndi zala zokha, chifukwa mutu wa injini ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuwonongeka. Mapulagi a iridium amatha kufika makilomita 100,000, pomwe wamba amafuna kusintha msanga kwambiri. Eni ake a Fit ya GD1 adziwe kuti injini yawo ili ndi mapulagi 8, anayi kutsogolo ndi anayi kumbuyo. A kumbuyowo amaiwalika kawirikawiri, ndipo galimoto imayamba kunjenjemera ndi kumwa mafuta ambiri mwini wake akudabwa kuti mapulagi wasintha kumene.

6. Madzi oziziritsa injini

Choyamba mudziwe kuti galimoto zambiri zazing'onozi zilibe muvi wosonyeza kutentha kwa injini. Zili ndi nyali ya buluu kapena yobiriwira imene imayaka injini ikadali yozizira, ndi yofiira imene imayaka injini itatentha kale mopitirira. Palibe chokuchenjezani pakati pa ziwirizi, choncho chitetezo chanu ndi kusamala zinthu zisanafike poipa.

Chachiwiri, madzi a pampopi, a pamjigo kapena a m'nyanja si oyenera kukhala mu radiyeta. Madzi ambiri a pamjigo kuno ali ndi mchere ndi laimu, ndipo akamatenthedwa tsiku ndi tsiku amasiya zoyera zolimba monga zimene mumaona pansi pa ketulo yakale. Zimenezi zimatseka timapaipi ta radiyeta, ndipo madzi opanda mankhwala amadyanso aluminiyamu ndi pampu ya madzi. Chofunika ndi coolant, amene ndi mankhwala oletsa dzimbiri osakaniza ndi madzi osungunula, aja amagulitsidwa ngati madzi a batire. Madzi okha amawira pa madigiri 100, koma coolant wosakaniza theka ndi theka, pansi pa chitsekero chabwino cha radiyeta, amapitirira madigiri 120 asanawire. Werengani pa chigubu: wina amabwera wosakaniza kale, monga wa pinki wa Toyota, ndipo ameneyo sathiridwa madzi, wina ndi wokhathamira wofuna kusakaniza. Musaphatikize mitundu iwiri yosiyana mu injini imodzi.

Ntchito yonseyi ichitike injini itazizira, makamaka m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Chitsekero cha radiyeta chikatsegulidwa injini ili yotentha, madzi owira amathovokera kumaso ndi m'manja.

Yambani ndi kuyang'ana. Finyani mapaipi awiri akuluakulu a labala: akakhala ofewa kwambiri, otupa pafupi ndi zomangira kapena ong'aluka, asintheni. Yang'anani pulasitiki ya pamwamba pa radiyeta. Ikasintha mtundu kuchoka pa wakuda n'kukhala yofiirira, yapsa ndipo ili pafupi kung'ambika. Zoyera kapena zapinki zouma pa malumikiziro zikusonyeza pamene pakudontha. Yang'anani labala ya pansi pa chitsekero, ndipo ngati yauma kapena yang'aluka gulani chitsekero china cha nambala yofanana ndi yolembedwa pa chakalecho, imene kawirikawiri ndi 1.1. Kachinthu kotsika mtengo kameneka kawiritsa injini zambiri. Pomaliza unikani ndi tochi pakati pa radiyeta ndi chozizira cha AC chimene chili kutsogolo kwake, pakuti pamenepo pamadzaza udzu, tizilombo ndi fumbi. Tsukani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, osati ndi mpope wamphamvu wa kotsukira galimoto umene umapinda timapepala tachitsulo ta radiyeta.

Tsopano khuthulani. Tsegulani chitsekero, ikani beseni pansi, ndipo masulani ndi dzanja kampopi ka pulasitiki kamene kali pansi pa radiyeta. Madzi otuluka pamenepa si onse, ena amatsalira mu injini ndi mu hita. Ngati atuluka ofiirira ndi dzimbiri, tsekani, dzazani madzi osungunula, lizani injini mpaka itenthe, idikireni izizire, khuthulaninso, ndipo bwerezani mpaka madzi azituluka oyera. Zimenezi zingakutengereni tsiku lathunthu, ndipo palibe njira yachidule. Chotsaninso kabotolo ka pulasitiki ka pambali mukatsuke mkati. Mukatsuka motere mu injini mumatsalira madzi okhaokha, choncho ndi bwino kugwiritsa ntchito coolant wokhathamira: thirani wokwana theka la madzi onse amene injini yanu imalowa, kenaka dzazitsani ndi madzi osungunula. Injini zazing'onozi zimalowa pakati pa malita 3 ndi 5.

Apa ndipo pali povuta pamene ambiri amadumpha, kuchotsa mpweya. Mukathira madzi atsopano, mpweya umatsekeredwa m'mutu mwa injini ndi mu hita. Radiyeta imaoneka yodzaza, mwini wake amatseka n'kunyamuka, koma mkatimo muli malo ouma amene sakuziziritsidwa. Pamalo pamenepo aluminiyamu amatentha mpaka mutu wa injini kupindika ndi gasiketi kupsa, ndipo nthawi zina nyali yofiira imachedwa kuyaka chifukwa kachipangizo koyeza kutentha kali mu mpweya m'malo mokhala m'madzi. Munthu amadabwa kuti galimoto yawira patangopita masiku ochepa chichitireni sevisi.

Chitani motere. Imikani galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, kuti pakamwa pothirira pakhale pamwamba pa zonse. Pa galimoto zina chitsekerocho sichili pa radiyeta penipeni koma pa paipi kapena pa kabotolo kolimba. Mfundo yake ndi yomweyo. Dulani botolo la pulasitiki pansi, kulungani tepi pakamwa pake kuti lilowe mothina pothirirapo, likhale fanulo yosunga madzi pamwamba. Thirani pang'onopang'ono, mukufinya paipi ya pamwamba ndi kuisiya, ndipo mudzaona thovu likukwera. Madzi akaima m'botolo muja, potozani hita ya mkati mwa galimoto ifike kotentha kwambiri, fani yake ikhale pa 1, AC ikhale yozimitsa. Lizani injini muisiye ikulira yokha.

Kwa mphindi zingapo palibe chimene chidzachitike, ndipo apa ndi pamene anthu amatopa n'kutseka. Dikirani. Paipi ya pamwamba idzayamba kufunda pomwe ya pansi ikadali yozizira. Injini ikafika pa madigiri a m'ma 80, thermostat, kachitseko kamene kamalola madzi kupita ku radiyeta, idzatseguka. Mudzadziwa chifukwa madzi a m'botolo adzatsika mwadzidzidzi, thovu lalikulu lidzatuluka, ndipo paipi ya pansi idzatentha. Wonjezerani msanga kuti botolo lisaume. Wina akhale mkati aponde mafuta pang'ono kwa kanthawi n'kusiya, kangapo konse, kuti pampu ikankhe mpweya wotsala. Pitirizani mpaka fani ya radiyeta izungulire ndi kuima kawiri, thovu lisiye, ndipo hita itulutse mpweya wotentha mosadukiza. Hita ikamatulutsa wozizira kapena mukamva madzi akuyenda kuseri kwa dashibodi, mpweya ukadalimo. Manja, nsanza ndi malaya zikhale kutali ndi fani, chifukwa imayamba yokha mosachenjeza.

Mukatero zimitsani, dikirani izizireko, chotsani botolo, tsekani chitsekero mpaka chigwire, ndipo dzazani kabotolo ka pambali kufika pa mzere wa FULL. Yendani ulendo waufupi, monga kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kubwerera, maso ali pa dashibodi. M'mawa mwake injini itazizira tsegulaninso muwonjezere, ndipo muchite chimodzimodzi kwa masiku atatu musanapite ulendo wautali. Ngati thovu silikutha ngakhale mwadikira nthawi yaitali, madzi akuchepa popanda podontha, kapena ku ekizozi kukutuluka utsi woyera injini itatentha kale, gasiketi yapsa ndipo imeneyo ndi ntchito ya kugalaja.

Pali malangizo awiri ofala amene ndikukupemphani muwakane. Oyamba ndi akuti kuno kotentha thermostat ndi yosafunika, ichotsedwe. Ikachotsedwa injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri, ndipo pa injini zina madzi ena amazungulira mkati osapita ku radiyeta. Ngati mukuikayikira, iikeni mu poto wa madzi pamoto: yabwino imatseguka madzi asanawire, ndipo ikapanda kutero mugule ina. Achiwiri ndi olumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse. Kutero kumangobisa vuto lenileni, kaya ndi radiyeta yotsekeka, chitsekero chofooka kapena pampu yotha, ndipo kumapha mota ya fani msanga.

Nyali yofiira ikayaka muli paulendo, patukani nthawi yomweyo n'kuzimitsa injini. Musanene kuti ndifike kaye ku Namwera kapena ku Monkey Bay. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, ndipo musatsegule chitsekero mpaka mutatha kugwira paipi ya pamwamba ndi dzanja. Pangozi yotere madzi alionse oyera angakufikitseni kunyumba, koma mukafika muwakhuthule.

7. Giyabokosi: dziwani polekezera

Vitz zoyambira 2005, Fit ndi Sienta zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, imene imayenda ndi lamba wachitsulo ndipo imafuna oyilo wakewake. Oyilo wa ATF wa giyabokosi wamba akalowamo lambayo amaterereka ndipo giyabokosi imatha. Toyota ili ndi CVT Fluid TC ndi FE, Honda Fit zakale zimafuna HMMF, Nissan NS-2 kapena NS-3, ndipo mitunduyi silowana m'malo. CVT zambiri za Toyota zilibe kachitsulo koyezera. Mulingo wake umayezedwa oyilo ali pa madigiri pakati pa 35 ndi 45, pogwiritsa ntchito makina owerengera kompyuta ya galimoto. Ntchito imeneyi ipititseni kwa amakaniko amene ali ndi makinawo, koma oyilo mugule nokha ndipo muone akuthiridwa. Mbali yanu ndi kuyang'ana ngati pansi pakudontha, ndiponso kusaponda mafuta mwamphamvu galimoto ikatitimira mumchenga wa kugombe. Ifukuleni kapena ikankhidwe.

8. Mabuleki, matayala ndi zapansi

Chotsani tayala la kutsogolo muyang'ane mapadi. Akatsala mamilimita 3 asintheni mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mukamaliza pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto. Mafuta a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zolembedwa pa chitsekero, amayamwa chinyezi ndipo ayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Akale amawira potsika phiri ndipo buleki imalowa pansi. Ngati simunachitepo, kusinthako kuchitike ndi munthu wodziwa. Potsika ku Chowe ikani giya pa L, B kapena S kuti injini ithandize kugwira galimoto.

Tayala likadali kunja, yang'anani malabala opindikapindika a pa shafuti. Labala ikang'ambika girisi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo posakhalitsa mumamva kugogoda pokhota. Kusintha labala msanga n'kotsika mtengo kuposa kugula CV joint, cholumikizira cha shafuti chimene labalayo imaphimba.

Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lakale limaphulika pa tala wotentha ngakhale mapanga ake akuoneka abwino. Galimoto zina zimabwera ndi matayala olembedwa STUDLESS, a nyengo ya chisanu ku Japan, amene ndi ofewa, amatha msanga kuno ndipo sagwira bwino pa buleki. Mpweya muyeze matayala atazizira, motsatira kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Kasipeya kakang'ono kaja kamafuna 420 kPa ndipo sikayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola. Manati muwamange modumphitsa, ndipo muwabwereze mutayenda pang'ono.

9. Batire, lamba ndi mafuta

Kutentha kumaumitsa madzi a batire msanga. Ngati lanu lili ndi zitsekero, yang'anani mwezi uliwonse ndipo muwonjezere madzi osungunula okha, osati asidi. Zoyera za pa mitu muzitsuke ndi madzi ofunda osakaniza soda, ndipo pochotsa batire yambani ndi waya wa chizindikiro cha kuchotsera, pobwezera mumalize ndi yemweyo. Batire labwino limasonyeza mavoti 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 ikulira. Lamba wa injini akakhala ndi ming'alu kapena akamalira m'mawa asinthidwe, pakuti pa injini zambirizi ndi yemweyo amene amazunguza pampu ya madzi.

Pampu ya petulo ili mkati mwa thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, kotero kuyenda nthawi zonse nyali ya mafuta ikuyaka kumaifupikitsa moyo. Petulo wa m'dziko muno ndi wosakaniza ndi ethanol, amene amayamwa madzi akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino. Mafuta akasowa n'kukakamizika kugula a m'zigubu, thirani pang'ono m'botolo loonekera muone ngati pansi pakukhala madzi kapena zinyalala, ndipo muwasefe ndi nsalu yoyera.

10. Malizani bwino

Musanatseke boneti werengani zida zanu, onani kuti zitsekero zonse zabwerera, ndipo yalani katoni pansi pa injini usiku kuti m'mawa muone ngati pali chodontha. Yesani nyali zonse, hutala ndi mawaipa, zimene amayang'ananso popereka COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Oyilo wakale musamuthire pansi kapena mu ngalande, chifukwa mvula ikagwa amakathera mu Shire ndi m'nyanja mmene anthu amatunga madzi ndi kupha nsomba. Muthireni m'chigubu chotseka mukasiye kugalaja imene imasonkhanitsa. Coolant ndi poizoni wotsekemera amene ana, agalu, mbuzi ndi nkhuku angamwe, choncho beseni lake lisasiyidwe poyera, ndipo musamusunge m'botolo la zakumwa. Pomaliza sungani kabuku m'galimoto momwemo, mulembe tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi wa coolant, nambala za mafyuluta ndi mapulagi, komanso makilomita amene sevisi yotsatira idzakwanire.